Göteborg: mzinda umene unatsegulira Sweden khomo la kunyanja

Munthu akayang'ana mapu a Sweden lero amaona gombe lalitali kumadzulo, loyang'anizana ndi Denmark, ndipo sangaganize kuti dziko limeneli linavutikapo kupeza potulukira. Zaka 400 zapitazo zinthu sizinali choncho. Chigawo cha Halland, kummwera, chinali cha Denmark. Chigawo cha Bohuslän, kumpoto, chinali cha Norway, yomwenso inali pansi pa mfumu ya Denmark. Pakati pa zigawo ziwirizi Sweden inali ndi kamzere kochepa ka mtunda, pomwe mtsinje wa Göta älv umathira m'nyanja utachokera ku nyanja ya Vänern. Sitima iliyonse yochokera ku Stockholm yopita kumayiko akumadzulo inkayenera kudutsa pampata wa Öresund, ndipo pamenepo mfumu ya Denmark inkatolera msonkho. Ife a ku Malawi, amene feteleza ndi mafuta athu amayamba agona ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam asanatipeze, sitifunika kutiuza kawiri tanthauzo la kudalira doko la eni ake.

Kamzere kaja kankalonderedwa ndi linga la Älvsborg, ndipo a Denmark analilanda kangapo, kawiri konse Sweden n'kuchita kuliwombola ndi ndalama. Koyamba, pa pangano la mtendere la mu 1570, Sweden inalipira dipo la ndalama za siliva 150,000 kuti aibwezere lingalo. Kachiwiri, pa pangano la ku Knäred mu 1613, mtengo unakwera kufika pa 1 miliyoni. Dziko losauka ngati momwe Sweden inalili panthawiyo linachita kukhazikitsa msonkho wapadera wogwera pafupifupi aliyense, linagulitsa mkuwa wa ku migodi ya Falun, linakongolanso kwa Adatchi, mpaka linamaliza kulipira mu 1619. Mlimi wakumudzi amene sanaionepo nyanja anasonkha nawo. Patangopita zaka ziwiri, mu 1621, Mfumu Gustav II Adolf inapereka chikalata chokhazikitsa mzinda wa Göteborg, umene Angerezi amautchula kuti Gothenburg. Bambo ake, Karl IX, anali atayesapo kumanga tauni ya dzina lomweli kutsidya kwa mtsinje, pachilumba cha Hisingen, koma a Denmark anaitentha mu 1611.

Lero Göteborg ndi mzinda wachiwiri kukula m'dziko la Sweden, wokhala ndi anthu pafupifupi 600,000, ndipo doko lake ndi lalikulu kuposa madoko onse a m'mayiko a kumpoto kwa Ulaya kumeneko. Pabwalo la Gustav Adolfs torg pali chiboliboli cha mfumu ija, ikuloza pansi ndi chala, kusonyeza pomwe inafuna kuti mzinda ukhale. Chomwe chiboliboli sichinena n'chakuti malo olozedwawo anali dambo la dongo lofewa, ndipo eni dziko analibe luso lomanga pamalo otero.

Alendo ndiwo anaumanga

Amene ankadziwa kulimbana ndi madzi ndi matope anali Adatchi. Iwo ndiwo anajambula misewu yowongoka ndi kukumba ngalande zoti maboti azilowa ndi katundu mpaka pakati pa tauni, monga ankachitira kwawo. M'khonsolo yoyamba ya mzindawu munali Adatchi, Ajeremani, anthu a ku Scotland ndi a ku Sweden. Kuzungulira tauniyo anamanga makoma ndi kukumba ngalande yokhotakhota yachitetezo, ndipo pazitunda ziwiri anaimika malinga a miyala, Skansen Kronan ndi Skansen Lejonet. Malinga awiriwa sanaukiridwepo, pakuti pangano la ku Roskilde la mu 1658 linali litapereka kale Bohuslän ndi Halland m'manja mwa Sweden, malire n'kusunthira kutali. Makoma anagwetsedwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, ngalande zina zinakwiriridwa n'kusanduka misewu, koma ngalande yaikulu ya Stora Hamnkanalen ndi yachitetezo ija zilipobe.

N'chifukwa chake ndikuona kuti mlendo ayambe kuuona mzindawu ali pamadzi. Pali maboti aphwatalala otchedwa Paddan, amene akhala akunyamula alendo kuyambira mu 1939. Amanyamukira pa Kungsportsplatsen, kuyenda m'ngalande, kudutsa kunsi kwa milatho pafupifupi 20, kenako n'kutulukira mumtsinje waukulu. Mlatho wina ndi wotsika kwambiri moti madzi akakwera anthu amatsika pamipando n'kukhala pansi m'botimo. Ulendowu sukwana n'komwe ola limodzi, koma munthu amatsika atamvetsa chifukwa chake nyumba zakale za amalonda zinayang'anitsa makomo awo kumadzi.

Nyumba zakale kwenikweni zatsala zochepa, chifukwa moto unapsereza mzindawu kangapo. Tchalitchi chachikulu chinapsa mu 1721, n'kupsanso mu 1802, ndipo chomwe chilipo pano chinapatulidwa mu 1815. Yomwe inapulumuka ndi Kronhuset, nyumba ya njerwa zofiira yomangidwa pakati pa 1642 ndi 1654 kuti ikhale mosungira zida za asilikali. Mu 1660 msonkhano wa nyumba ya malamulo unachitikira mmenemo. Mfumu Karl X Gustav inamwalira ili mumzindawu, ndipo mwana wake wa zaka zinayi analongedwa ufumu kukhala Karl XI.

Tiyi, siliva ndi sitima yomira pakhomo

Chuma chenicheni chinabwera ndi kampani ya Swedish East India Company, yomwe inakhazikitsidwa mu 1731 ndi kutha mu 1813. Mwa oyambitsa ake munali Colin Campbell wa ku Scotland ndi Niclas Sahlgren wa mumzinda momwemo. Malonda ake ankayenda motere: sitima inkanyamuka ku Göteborg ndi chitsulo ndi matabwa, n'kuima ku Cádiz m'dziko la Spain kukatenga siliva, pakuti amalonda a ku China sankafuna katundu wa ku Ulaya koma siliva basi. Kuchoka apo inkazungulira kummwera kwa Africa mpaka ku Canton, komwe lero ndi Guangzhou, n'kubwerako ndi tiyi, mbale ndi makapu adothi losalala, nsalu za silika ndi zokometsera zakudya. Ulendo umodzi unkatenga chaka ndi theka kapena kuposerapo. Kampaniyo inapanga maulendo 132. Tiyi wambiri sankamwedwa ku Sweden. Ankagulitsidwa pa okushoni ku Göteborg, kenako n'kulowetsedwa mozemba ku Britain, komwe msonkho wa tiyi unali wokwera kwambiri. Mabuku a ndalama ankawotchedwa akatha kuwerengera, kuti eni masheya asadziwike. Amalinyero ambiri sanabwerere, anafera panjira ndi matenda obwera chifukwa chosowa zakudya zamasamba ndi zipatso.

Nkhani imene ana a sukulu a kumeneko onse amaidziwa ndi ya sitima yotchedwa Götheborg. Pa 12 September 1745, ikuchokera ku China itatha miyezi pafupifupi 30 paulendo, inagunda mwala wobisika m'madzi pafupi ndi linga la Nya Älvsborg, kwawo kukuoneka. Palibe amene anafa, ndipo katundu wina anapulumutsidwa n'kugulitsidwa, koma sitimayo inamira. Patapita zaka zoposa 200, akatswiri osambira pansi pa madzi anafukula zotsalira zake, ndipo ntchitoyo inabala ganizo lomanga ina yofanana nayo, ndi matabwa ndi zingwe monga ankachitira akale. Inalowetsedwa m'madzi mu 2003, ndipo kuyambira 2005 mpaka 2007 inapita ku China ndi kubwerako, itaima ku Cape Town ndi ku Port Elizabeth panjira. Nyumba ya kampani ija, m'mbali mwa Stora Hamnkanalen, ndiyo lero myuziyamu ya mbiri ya mzindawu.

Chimene chimandikhudza mtima pa amalonda amenewa ndi momwe ena a iwo anagwiritsira ntchito chuma chawo. Ndalama zomwe Sahlgren anasiya zinayambitsa chipatala cha Sahlgrenska, chimodzi mwa zipatala zazikulu kwambiri m'dzikomo. William Chalmers, mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo, anasiya chuma choti chiphunzitse ana osauka ntchito zamanja, ndipo sukulu yomwe inatsegulidwa mu 1829 ndiyo lero yunivesite ya zaumisiri ya Chalmers. Mwambo woti wolemera asiyire mzinda kanthu unazika mizu, ndipo malaibulale, mapaki ndi nyumba zambiri za zaluso za ku Göteborg zinabwera mwanjira imeneyo.

Koma chuma cha padoko sichikhala choyera mbali zonse, ndipo mlendo wochokera ku Africa ayenera kudziwa za malo otchedwa Franska tomten, kufupi ndi Packhusplatsen. Mu 1784 Mfumu Gustav III inapatsa dziko la France ufulu wochita malonda ku Göteborg, ndipo posinthana Sweden inalandira chilumba cha Saint-Barthélemy ku Caribbean. Pachilumbacho anthu ogwidwa ku Africa ankagulitsidwa ndi kugwiritsidwa ntchito yaukapolo pansi pa mbendera ya Sweden, mpaka ukapolo unathetsedwa kumeneko mu 1847. Ambiri amadutsa pamalopo osadziwa chilichonse. M'zaka zaposachedwa anthu a mumzindawu ayamba kuikamba nkhaniyi poyera, ndipo achita bwino.

Khomo lotulukira osauka

Doko lomweli ndi limene anatulukira ambiri mwa anthu oposa 1 miliyoni a ku Sweden amene anapita ku America pakati pa zaka za m'ma 1850 ndi 1930. N'zovuta kukhulupirira tikaona Sweden ya lero, koma m'zaka za 1867 mpaka 1869 mbewu zinakanika ndipo anthu anafa ndi njala, makamaka kumpoto. Mabanja ankagulitsa ziweto ndi minda, kukwera sitima yapamtunda mpaka ku Göteborg, n'kugona m'nyumba zotchipa za mumsewu wa Sillgatan, womwe lero ndi Postgatan, podikira tsiku lonyamuka. Sitima za kampani ya Wilson Line zinkawafikitsa ku Hull ku England, kuchoka apo n'kudutsa pamtunda kupita ku Liverpool, komwe ankakwera zazikulu zowoloka nyanja ya Atlantic. Kuyambira mu 1915 kampani ya Swedish American Line inayamba kuyenda molunjika ku New York. Cha m'ma 1900 kunkanenedwa kuti ku Chicago kunali anthu a mtundu wa Sweden ambiri kuposa ku Göteborg komwe.

Amene anatsala anapeza ntchito m'mafakitale. Mu 1907 injiniya Sven Wingquist, amene ankavutika ndi makina a pafakitale ya nsalu omwe mashafuti ake ankapotoka chifukwa nyumba zinkatitimira m'dongo lija, anapanga bering'i yodziwongola yokha, ndipo kampani ya SKF inabadwa. Makaniko aliyense wa ku Ndirande kapena ku Biwi anagwirapo kabokosi kolembedwa zilembo zitatuzi. M'kati mwa SKF momwemo munatuluka Volvo: pa 14 April 1927 galimoto yake yoyamba inatuluka m'fakitale ya pa Hisingen, motsogozedwa ndi Assar Gabrielsson ndi Gustaf Larson. Mu 1959 injiniya wa Volvo, Nils Bohlin, anapanga lamba wapampando wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno, ndipo kampaniyo inalola opanga magalimoto ena onse kuti amugwiritse ntchito. Aliyense amene anapulumukapo pangozi chifukwa chomanga lamba ali ndi ngongole ndi mzinda umenewu. Gawo la Volvo lopanga magalimoto ang'onoang'ono linagulitsidwa kwa Ford mu 1999, kenako kwa Geely ya ku China mu 2010, koma likulu lake likadali komweko, ndipo mu 2024 anatsegula nyumba yoonetsera mbiri ya kampaniyi yotchedwa World of Volvo. Makamera a Hasselblad, amene anajambula anthu oyamba kuponda pamwezi mu 1969, nawonso kwawo n'konkuno.

Ntchito yomwe inkapatsa mzindawu ulemu kwambiri inali yomanga sitima zapamadzi. Kutsidya la kumpoto kwa mtsinje kunali Götaverken, Eriksberg ndi Lindholmen, ndipo amuna zikwizikwi ankawoloka m'mawa uliwonse kukawotcherera zitsulo. Manja atachepa, makampani anakatenga antchito ku Finland, ku Italy ndi ku Yugoslavia. Kenako mafuta anakwera mtengo mu 1973, oda ya sitima zonyamula mafuta inagwa, ndipo Japan ndi South Korea zinayamba kumanga motchipa. Eriksberg inatseka mu 1979, ndipo enawo nawonso anatseka. Mabanja ambiri analira. Lero pamalopo pali nyumba zogona, maofesi ndi makalasi a yunivesite, komanso Karlatornet, nyumba yosanja ya mamita 246, yaitali kuposa zonse m'mayiko a kumpotowo. Chikireni chachikulu chofiira cha ku Eriksberg anachisiya chiliri, ndipo chimaoneka patali. Doko lenileni la makontena linasamukira kunja, kupitirira mlatho wa Älvsborgsbron womwe unatsegulidwa mu 1966.

Koyenda, kodya ndi kopumira

Dera la Haga ndi limene alendo amalikonda. Linali la anthu ogwira ntchito padoko, ndipo nyumba zake zambiri n'zamtundu umene sumapezeka kawirikawiri kwina: pansi pa miyala kapena njerwa, nsanjika ziwiri zapamwamba za matabwa. Lamulo loteteza moto linkaletsa nyumba ya matabwa kupitirira nsanjika ziwiri, ndiye omanga anapeza njira imeneyi kuti anthu ambiri akwane pamalo ochepa. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 akuluakulu a mzinda anafuna kuligwetsa lonse, anthu anakana, ndipo gawo lina linapulumuka. Pano mumsewu wa Haga Nygata muli timasitolo ndi malo omwera khofi, ndipo pa Café Husaren amaphika mabanzi a sinamoni aakulu odzaza mbale. Anthu a ku Sweden salola tsiku kudutsa osakhala pansi ndi anzawo kumwa khofi ndi kakeke, mwambo umene amautcha fika. Pamwamba pa Haga pali Skansen Kronan uja, ndipo wokwera masitepe ake amaona madenga, mtsinje ndi makireni nthawi imodzi.

Nsomba ndiye ndiwo ya kumeneko. Msika wa Feskekôrka, womangidwa mu 1874 ndi mawindo osongoka ngati a tchalitchi, unatsegulidwanso mu 2024 utakonzedwa, ndipo mumapezeka nsomba za m'nyanja yozizira, nkhanu ndi tizamoyo tina tam'zigoba. Yemwe thumba lake ndi lopepuka asade nkhawa: herring yokazinga ndi mbatatesi yopondaponda, yogulitsidwa pangolo, imakhutitsa bwino. Msika wina wofolera, Stora Saluhallen pa Kungstorget, wakhala ukugulitsa nyama, tchizi ndi buledi kuyambira mu 1889.

Zambiri zomwe mzindawu umanyadira zinamangidwa pokondwerera zaka 300, chikondwerero chomwe chinachedwa n'kuchitika mu 1923. Ndi pomwe panatsegulidwa Liseberg, paki ya zisangalalo yokhala ndi makatungwe ndi tisitima tothamanga panjanji zokwera ndi kutsika, yomwe imakopa anthu mamiliyoni chaka chilichonse ndipo pa Khirisimasi imasanduka msika wa nyali zambirimbiri. Chaka chomwecho anatsegula munda waukulu wa zomera, ndi kukonza bwalo la Götaplatsen kumapeto kwa msewu waukulu wa Avenyn. Pabwaloli pali chiboliboli cha Poseidon chosemedwa ndi Carl Milles, choimikidwa mu 1931, ndi myuziyamu ya zojambula momwe muli ntchito za Rembrandt, Picasso, Edvard Munch ndi Anders Zorn. Okhala ndi ana apite ku Universeum, komwe anamanga nkhalango yotentha m'kati mwa nyumba, kapena ku paki ya Slottsskogen, yolowa ulere, komwe kuli mphalapala za kumayiko ozizira ndi nyama zina za kumeneko. M'mphepete mwa pakiyi muli myuziyamu ya zachilengedwe yosunga nangumi amene anatsakamira pagombe la Askim mu 1865, khungu lake atalikhomera pachimango cha matabwa.

Komabe ndikanati ndisankhe chinthu chimodzi, ndikanasankha zilumba. Munthu amakwera tram, sitima yamagetsi yoyenda mumsewu, nambala 11 mpaka kumathero ake ku Saltholmen, n'kulowa m'boti ndi tikiti ya mtundu womwewo wa mabasi a m'tauni. Pasanathe ola amakhala ali ku Brännö, ku Styrsö, ku Donsö kapena ku Vrångö. Kumeneko magalimoto a anthu wamba saloledwa. Katundu amayenda panjinga, pawilibala ndi patinjinga tamoto tokhala ndi thebulo kutsogolo. Kuli miyala yosalala yotsetsereka kulowa m'madzi, tinyumba tofiira ta asodzi ndi tinjira toyenda pansi. Lamulo la dzikolo limalola aliyense kuyenda, kusambira ndi kuthyola zipatso zakutchire ngakhale pamalo a mwini, bola asawononge ndipo asayandikire pakhomo pa munthu. Kuti malo okongola chotere akhale ofikirika kwa wantchito wamba, osati kwa eni maboti okha, ndi chinthu chimene mzindawu uyenera kutamandidwa nacho.

Tram yomweyo ikhozanso kumutengera munthu kumene mabuku a alendo sakonda kutchula. Kumpoto chakum'mawa kuli Angered, Hammarkullen ndi Bergsjön, madera a nyumba zosanja zomangidwa pansi pa ndondomeko ya boma ya 1965 mpaka 1974 yomanga nyumba 1 miliyoni m'dziko lonse. Kumeneko kumakhala mabanja ambiri ochokera ku Somalia, Iraq, Syria, Iran, Bosnia ndi Chile. Ulova ndi wochuluka kuposa pakati pa mzinda, ndipo magulu a zigawenga akolako achinyamata ena. Mu October 1998 moto woyatsidwa dala unapha achinyamata 63 m'holo ina ya ku Backaplan komwe ankavina, ambiri a iwo ana a mabanja obwera, ndipo bala limenelo silinapole. Mzinda womwe unamangidwa ndi Adatchi, n'kulemeretsedwa ndi anthu a ku Scotland, n'kuwotchereredwa zitsulo ndi a ku Finland ndi ku Italy, sunapezebe njira yabwino yolowetsera alendo ake atsopanowa pakati. Koma maderawa sali a mavuto okhaokha. Chakumapeto kwa May chaka chilichonse ku Hammarkullen kumachitika chikondwerero cha magule ndi zovala zamitundumitundu, chomwe chinayamba m'zaka za m'ma 1970, ndipo anthu a mbali zonse za mzinda amakhamukirako.

Mpira nawo umasonkhanitsa anthu. IFK Göteborg inatenga chikho cha UEFA kawiri, mu 1982 pansi pa mphunzitsi Sven-Göran Eriksson komanso mu 1987, osewera ake ambiri mu 1982 ali ndi ntchito zina zamasana. Bwalo la Ullevi linamangidwa chifukwa cha World Cup ya 1958, ndipo mu 1995 Jonathan Edwards analumphapo mamita 18.29 pampikisano wolumpha katatu. Mwezi wa July kumakhala Gothia Cup, mpikisano wa achinyamata womwe unayamba mu 1975, wobweretsa matimu oposa 1,000 ochokera m'mayiko ambirimbiri, a ku Africa ali momwemo. Alan Shearer ndi Andrea Pirlo anaseweramo ali anyamata. Sabata imeneyo masukulu amasanduka malo ogona, ndipo ma tram amadzaza ndi ana ovala mayunifomu akuimba m'zinenero zawo.

Wofuna kupita asankhe miyezi ya June, July kapena August, pamene dzuwa limalowa mochedwa, mu June ndi July cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo maboti a kuzilumba amayenda pafupipafupi. Mu December kumada isanakwane 4 koloko masana, ndipo mphepo yochokera kunyanja imalowa mpaka m'mafupa. Mvula ilibe nyengo yake kumeneko, choncho jekete yosalowa madzi isatsale. Ndege zimatera ku Landvetter, sitima yapamtunda yochokera ku Stockholm imatenga maola pafupifupi atatu, ndipo sitima zapamadzi za Stena Line zimabwera kuchokera ku Frederikshavn ku Denmark ndi ku Kiel ku Germany. Ndalama yake ndi krona, osati euro, ndipo masitolo ndi malo odyera ambiri salandiranso ndalama zapamanja, amafuna khadi ya ku banki.